Utoto woyera wa mtovu: ndi wofunikadi pokopera nkhope ya Castiglione?

Tadala: Funso langa ndi ili. Munthu amene akuphunzira kupenta nkhope pokopera chithunzi cha mlembi wa ku Italy Baldassare Castiglione chomwe katswiri wopenta wa ku Italy, Raphael, anapenta ndi utoto wamafuta cha m'ma 1514 mpaka 1515, chija cha ku Louvre, nyumba yoonetseramo zaluso ku Paris, agule utoto woyera wa mtovu kapena woyera wa titanium akwanira? Wa mtovuwo ndi wodula kwambiri.

Bambo Nkhoma: Gulani wa mtovu ndithu. Raphael analibe titanium, poti utoto umenewu unafika pamsika cha m'ma 1920. Titanium (chizindikiro chake pa chubu ndi PW6) ndi wamphamvu ndipo amaphimba chilichonse cha pansi. Mukamusakaniza ndi yellow ochre (wachikasu) ndi burnt sienna (wofiirira), khungu limatuwa ngati lathiridwa ufa. Wa mtovu (PW1) umalola kuti mtundu wapansi uzionekera, umauma msanga, ndipo suphetsa mtundu womwe mwausakaniza nawo. Taonani pamene tsaya la Castiglione likukumana ndi ndevu: palibe mzere, khungu likungolowerera mu mdima pang'onopang'ono. Ndi titanium malo amenewo amatuluka otumbuluka.

Mayi Chisale: Bambo Nkhoma, pa utotowo simukunama, koma wophunzira sagwera pamenepo. Amagwera pa kujambula ndi pa kuyeza kuwala ndi mdima. Chithunzichi ndi cha masentimita 82 m'litali ndi 67 m'lifupi. Konzani nsalu yolingana nacho, dulani mizere ya mabokosi pa nsalu ndi pa pepala lomwe mwasindikiza, kenako samutsani nkhope bokosi ndi bokosi. Pakani raw umber (utoto woderako ngati dothi) wosungunula ponseponse, aume masiku awiri. Mukatero pentani chithunzi chonse ndi umber, ivory black (wakuda) ndi woyera basi, mitundu ina ibwere pambuyo. Diso likaphonya ndi mamilimita atatu, palibe utoto womwe ungabweze Castiglione. Ndalamazo zipite ku nsalu ya linen yosalala ndi maburashi abwino.

Yamikani: Amene musankhe titanium, werengani chubu kumbuyo. Makampani ambiri amathiramo utoto wina woyera wa zinc (PW4), ndipo zinc akauma amalimba n'kumang'aluka. Ena amasakaniza ndi mafuta a safflower omwe amachedwa kuuma, choncho sayenera pa utoto wapansi. Mukapaka wouma msanga pamwamba pa wosauma, ming'alu siichedwa. Funani wa mafuta a linseed, ndipo mafuta aziwonjezeka pang'ono pa gawo lililonse lapamwamba.

Mayi Chisale: Komanso mphamvu ya titanium imachepetseka. Sakanizani ufa wosalala wa choko ndi mafuta a linseed mpaka chikhale phala lolimba, ndiye phatikizani theka ndi theka ndi titanium. Afewa, ayamba kuonetsa za pansi.

Bambo Nkhoma: Afewadi mayi, koma sadzakoka pa burashi monga wa mtovu. Malaya oyera aja a pachifuwa amafuna utoto wokhuthala wosunga mizere ya burashi. Kachubu kamodzi ka 40 ml kangakwane mukakasungira nkhope, manja ndi malaya. Zovala zotuwa ndi malo a kumbuyo kwa munthuyo pentani ndi titanium.

Yamikani: Tisaiwale kuti mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Osapala utoto wouma ndi sandipepa chifukwa fumbi lake ndiye loopsa, osadya popenta, sambani m'manja ndi sopo. Ngati mumapentera m'chipinda chomwe mumagona ana, musaugule n'komwe.

Tadala: Ndiye woyamba kumene ayambe ndi titanium wa linseed wopanda zinc?

Mayi Chisale: Eya, mpaka gawo la umber lizifanana ndi Castiglione munthu akaima patali mamita atatu. Apo ndiye agule wa mtovu, apente tsaya lomwelo kawiri pa kachidutswa ka nsalu, kumanzere ndi titanium, kumanja ndi mtovu.