Funso kwa aphunzitsi a Chemistry: graphite wasokoneza kalasi yanga

Aphunzitsi anzanga ndi akuluakulu onse pagulu pano, ndikupempha nzeru. Ndimaphunzitsa pasekondale ina yoyendera kuno ku Lilongwe, ndipo popeza tilibe labotale, phunziro la metals (zitsulo), non-metals (zinthu zomwe si zitsulo) ndi metalloids (za pakati pa magulu awiriwa) timalichita ndi mabatire a tochi, babu ndi waya. Ana atalumikiza msomali, waya wa kopa ndi chidutswa cha poto wa aluminiyamu, babu linayaka, koma atayesa sulufule silinayake, ndipo atamugogoda ndi mwala anangofumbutuka. Nkhani inavuta pamene mtsikana wina anasongola pensulo mbali zonse ziwiri n'kulumikiza mtima wake wa graphite, babu n'kuyaka ndithu ngakhale mozimirira. Tsopano kalasi yonse yatsimikiza kuti graphite ndi chitsulo, chifukwa m'manotsi mwawo munalembedwa kuti non-metals sizidutsitsa magetsi.

Ine ndikuona kuti kuloweza mndandanda kukuwapweteka anawa, pakuti mercury ndi chitsulo koma ndi wamadzimadzi, ndipo sodium ndi wofewa moti amadulika ndi mpeni. Kodi ndiwauze zonsezi panopa, kapena ndidikire mpaka tidzafike pa bonding (phunziro la mmene maatomu amagwiranirana), poganiziranso mayeso a MANEB? Komanso silicon weniweni ndingamupeze kuti, popeza metalloids amangozimva mayina?

Yankho loyamba: Madamu, musadikire ayi. Auzeni mwachidule kuti graphite ndi carbon, amene si chitsulo, ndipo atomu iliyonse imagwirana ndi zinzake zitatu, n'kutsala electron imodzi yomasuka imene imanyamula magetsiwo. Kenako apatseni hamala: waya wa kopa uphwatalala, pamene mtima wa pensulo usweka, ndipo adzaona okha kuti chizindikiro chimodzi sichikwanira. Muwatchulirenso kuti graphite amapezeka m'nthaka ya ku Malingunde ndi ku Kasiya, m'boma lathu lomwe lino.

Yankho lachiwiri: Za silicon, funsani kwa okonza masola kuti akupatseni panelo yosweka, popeza mumakhala silicon, koma musamale ndi magalasi ake. Musawaonetse mchenga n'kunena kuti ndi silicon, chifukwa mchenga ndi silicon wophatikizana ndi oxygen. Chofunika kuti agwire n'chakuti silicon amanyezimira ngati chitsulo koma amasweka, ndipo akatenthedwa amadutsitsa magetsi kwambiri, pamene kopa akatentha amadutsitsa mocheperako.