Mwana akutsegula m'mimba, kodi ndi nyengoyi?

Membala wobisa dzina: A admin ndibiseni, pagulu pano pali alamu anga. Ndili ku Dedza. Masiku ano m'mawa chisanu chake mpaka zala kuuma, ikamakwana 11 koloko dzuwa likuswa mtengo, madzulo mphepo ija yabwereranso. Ndiye mwana wanga wayamba kutsegula m'mimba. Apongozi akuti ndine ndimamusambitsa mochedwa, chonsecho iwowo sanamugulirepo ndi kajuzi komwe, ndalama zochokera ku Joni zimathera m'manja mwawo. A landilodi nawo chimbudzi chidadzadza kalekale, ndikadandaula akuti khomo ndi ilo. Kodi kusinthasintha kwa nyengoku kungatsegulitse mwana m'mimba? Ndizimuveka zingati?

NaBanda: MANO AMENEWO. Ndalera ana asanu ine, aliyense mano akamamera ankatsegula. Musavutike.

Make Tada: Ali ndi miyezi ingati? Wayamba liti? Akuyamwa?

Che Jafali: Ma landilodi inu Mulungu akukuonani. Wanga adazula chitseko mu June, tinagona ndi katoni pakhomo.

Namwino wopuma: Mwanangu, chisanu pachokha sichitsegulitsa m'mimba, ndi tizilombo. Koma nyengo imatipatsa mpata. Kachilombo ka rota kamafala kwambiri miyezi yozizira ndi youma ngati ino. Katemera wake adayamba kuno mu 2012, ndi madontho a m'kamwa pa masabata 6 ndi 10, taonani m'buku la sikelo ngati adalandira. Chinanso, m'mawa kukazizira timachita ulesi kusamba m'manja tikasintha thewera. Kenaka phala lophika 6 koloko timalivindikira poti kukuzizira siliwonongeka, masana kwatentha, 2 koloko tikumwetsa mwana lomwelo losatenthetsanso.

NaBanda: Rota rota chiyani. Ife tidakula ndi phala la dzulo, tili pano. Gwirani nkhama zakezo muona zatupa.

Mfumu ya Mpira: Komatu lingakhale tsempho. Bambo ake akuyenda bwino ku Joni kumeneko? 😂

Make Tada: Mwana wa munthu akudwala inu mukuseka. Manyazi mulibe.

Aunt Fanny: Gulani Flagyl pa okala, theka la piritsi basi. Ine nthawi ya kolera mu 2023 ndidagona masiku m'tenti, palibe adabwera kudzandiona, ndiye za achibale musandiuze.

Namwino wopuma: Flagyl ayi chonde, sapha rota. Sungunulani paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, muzimumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni akangochita chimbudzi. Akasanza dikirani mphindi 10 muyambenso. Mumupatsenso mapiritsi a Zinc kwa masiku 10 mpaka 14 ngakhale atasiya kutsegula, mulingo wake umatengera msinkhu. Bere musamuletse.

NaBanda: A nesi mwapuma ntchito, pumani. Mano akangotuluka zisiya zokha, mudzandiuza. Ndipo atsikana amakono inu, mwana chipewa osamuveka koma foni m'manja tsiku lonse.

Bambo Zimba: Zonsezi ndi kudula mitengo. Kale Chikangawa ili yodzadza nyengo sinkapenga chonchi.

Che Jafali: Chikangawa ndi Dedza zikugwirizana pati akulu?

Make Tada: NaBanda, mwana wa mchemwali wanga tinkati mano chomwechi, tidakafika naye kuchipatala liwombo litalowa, maso ali m'kati, msempha woti aikepo diripu osaoneka. Mukaona zimenezo, kaya magazi m'chimbudzi, kaya thewera louma tsiku lonse, kaya akungogona osayamwa, nyamukani ngakhale usiku.

NaBanda: Ameneyo adali ndi vuto lina.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Apongozi abwera ndi mankhwala opaka paliwombo, ndakana, ndiye ayimbira mwana wawo kuti ndine wamwano. Za majuzi zija simunandiyankhe.

Namwino wopuma: Juzi m'mawa, masana mumuvule. Thanzi mwayamba kumupatsa?

Make Tada: Mayi, MIYEZI INGATI?

NaBanda: Ikhala isanu ndi iwiri. Ndiyo ya mano.