Kodi makoleji ophunzitsa aphunzitsi (TTC) angakonze bwanji aphunzitsi a masewero olimbitsa thupi?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ku pulayimale masewero olimbitsa thupi ali m'kati mwa Expressive Arts, pamodzi ndi nyimbo, magule ndi zojambula. Aphunzitsi atsopano ambiri akafika pasukulu amangoponyera anyamata mpira umodzi, atsikana n'kumakhala pansi pa mtengo. Aphunzitsi a ku koleji asinthe chiyani kuti izi zithe?

Yankho loyamba:
Vuto limayambira pa kuyesa. Pa mayeso a Sitandade 8 a MANEB phunziroli limalembedwa papepala, ndiye wophunzira uphunzitsi amadziwiratu kuti za pabwalo palibe adzamufunse. Akamapita ku sukulu zoyeserera, woyendera wa ku koleji awonerere phunziro limodzi la pabwalo ndi kuperekapo malikisi, monga amachitira ndi masamu.

Poyesapo asangoyang'ana pulani. Asankhe mwana mmodzi mwakachetechete, agwire wotchi, awerenge mphindi zimene mwanayo akuyendetsadi thupi. Ana 100 akaima pamzere umodzi kudikira mpira umodzi, ndipo aliyense n'kutenga masekondi 15, mzerewo udya mphindi 25, mwana atagwira mpira kamodzi kokha. Wophunzira akaona yekha nambala imeneyi amamva msanga kuposa kumulalikira. Piriyodi ya mphindi 35 aphunzire kuigawa chonchi: 5 kutuluka ndi kutenthetsa thupi, 5 kuonetsa luso limodzi lokha, 20 ana onse kuchita, 5 kupumitsa thupi ndi mafunso. Luso likhale limodzi basi, monga kuwakha mpira ndi manja awiri. Ambiri amalephera chifukwa chofuna kuphunzitsa malamulo onse a mpira wamanja tsiku limodzi.

Yankho lachiwiri:
Ndikugwirizana nanu, koma ndionjezere za zipangizo. Kuphunzitsira ku koleji ndi mipira ya m'sitolo n'kuwanamiza, pakuti kumudzi sakaipeza. TALULAR, njira yophunzitsira ndi zipangizo zopezeka m'dera lomwelo, ilowe pabwalonso. Wophunzira aliyense asachoke ku koleji wopanda thumba lake: mipira yachikulunga 10 ya majumbo yomanga ndi mphira, zingwe za jingo zakhonje, mabotolo othira mchenga oika m'malire, ndi wezulo. Mizere alembe ndi phulusa.

Kalasi ya ana 100 igawidwe m'magulu 10, lililonse ndi mtsogoleri wake ndi malo ake. Magulu apangidwe m'kalasi asanatuluke ndipo akhale omwewo teremu yonse, chifukwa kugawa ana pabwalo kumatha mphindi zambiri ndi phokoso. Mphunzitsi aime m'mphepete poona onse, osati pakati pamene theka la ana lili kumbuyo kwake, ndipo dzuwa likhale kumaso kwa iye osati kwa ana. Wezulo kamodzi, aliyense aime. Kawiri, magulu asinthane malo. Fulaye, chipako ndi jingo ana amazidziwa kale, choncho sipatayika nthawi yofotokoza, ndipo muli kuponya, kuzinda, kuthamanga ndi kudumpha.

Chinanso, kuphunzitsana okhaokha ku koleji sikokwanira. Akuluakulu 20 omvera sakukonzekeretsa munthu kukumana ndi Sitandade 3. Atengeni ku sukulu ya demo, pulayimale yoyesererapo ya pakoleji, akayese pa ana enieni asanatumizidwe.

Yankho lachitatu:
Za chitetezo zisamangotchulidwa pamapeto a noti. Asanatulutse ana, mphunzitsi ayende bwalo lonse kuchotsa minga, magalasi osweka ndi kuona maenje, poti ana ambiri amasewera opanda nsapato. Mu Okutobala ndi Novembala phunziroli likhale m'mawa, madzi akumwa ali pafupi. Mwana wachialubino asewere pamthunzi atavala chipewa ndi malaya a manja aatali, osati kumusiya m'kalasi. Mwana akabinya phazi, apume, aikidwe nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, phazi likwezedwe. Kuthowa ndi madzi otentha pompopompo kumaonjezera kutupa. Wogwa khunyu musamuike kanthu m'kamwa. Chotsani zomuvulaza, ndipo akasiya kuphupha mugonekeni cham'mbali. Izi aziyeserere ndi manja ku koleji.

Koma zonsezi zigwera m'madzi ngati mentala, mphunzitsi wa pasukulu woyang'anira wophunzira uphunzitsi, amasandutsa piriyodiyi nthawi yosesa kapena yobwereza masamu. Makoleji agwirizane ndi ma PEA (alangizi a sukulu za pulayimale) kuti mamentala aitanidwe ku TDC (malo osulira aphunzitsi a m'dera), akachite okha phunziro limeneli pabwalo ophunzira awo asanafike.