Chigongono cha bambo osewera tenesi chikungobwerera, akufuna jakisoni

Wa physio, Lilongwe:
Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi bambo ena a zaka za m'ma 40 omwe amasewera tenesi ku kalabu madzulo ndi Loweruka. Chigongono chakumanja chikuwapweteka mbali yakunja, pakafupa kotuluka paja. Akamakweza dzanja ine ndikukanikiza amamva ululu, chala chapakati chimodzimodzi. Kapu ya tiyi akuchita kunyamula ndi manja awiri. Ndi tennis elbow, ululu wa chigongono wobwera chifukwa cholemetsa mkono mobwerezabwereza, sindikukayika. Koma akapuma amapeza bwino, akangobwerera pabwalo zayambiranso. Tsopano akuti ndiwatumize kokabayitsa jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa ndi ululu, poti mpikisano wa kalabu wayandikira. Ndiwayankhe bwanji?

Wa physio wamkulu, Blantyre:
Achemwali, khosi mwalipima? Afunseni ngati pali dzanzi lotsikira ku zala. Kanikizaninso zala zitatu kapena zinayi pansi pa kafupako, pamnofu. Ululu ukachuluka pamenepo kusiyana ndi pafupa, ganizirani radial tunnel, kupanikizika kwa mtsempha (nerve) wodutsa pamnofupo. Nkhani yake ndi ina.

Wa physio, Lilongwe:
Khosi lili bwino amayi, dzanzi palibe. Ululu uli pafupa penipeni.

Wa physio wamkulu, Blantyre:
Ndiye jakisoniyo ine sindingavomereze. Ku Brisbane ku Australia anafufuza anthu 198 a vutoli, zotsatira zinatuluka mu 2006. Obayidwa steroid anapeza bwino msanga m'masabata 6 oyamba, koma oposa 70 mwa 100 alionse vuto linawabwerera, ndipo chaka chisanathe anali kumbuyo kwa omwe anachita physio. Mtsempha wa ECRB, wolumikiza mnofu wokweza dzanja ku kafupako, sunatupe ayi, watha mphamvu chifukwa cholemetsedwa mobwerezabwereza. Kupuma kokha kumachotsa ululu koma sikuulimbitsa, n'chifukwa chake akungozungulira pamodzimodzi. Mkono autsamiritse patebulo, chikhatho chiyang'ane pansi, agwire botolo la madzi la lita imodzi. Dzanja linalo lithandize kukweza, lodwalalo litsitse lokha pang'onopang'ono. Tsiku lililonse, n'kumawonjezera kulemera. Kaululu pang'ono pochita si vuto, bola m'mawa mwake asadzuke zitaipiraipira. Muwauze zoona, izi ndi za miyezi, ambiri amachira mkati mwa chaka. Zimandiwawa kuona munthu wokonda masewera akuwasiyiratu chifukwa tinamuthamangitsa ndi mpikisano umodzi.

Mphunzitsi wa tenesi, Lusaka:
Ine za mitsempha ndisiyira inu madokotala, koma ndifunse: backhand yawo, kumenya mpira kumbuyo kwa dzanja kutayang'ana kutsogolo, ndi ya dzanja limodzi? Anthu oyamba tenesi atakula ambiri amachedwa kutembenuka, mpira umawapeza kale pambali, ndiye amaukankha ndi dzanja lopindikira pansi chigongono chili kutsogolo. Kugunda konseko kumathera pakafupa mukunenako. Mukalimbitsa mtsempha koma kamenyedwe n'komweko, abweranso kwa inu. Wina awajambule ndi foni akusewera muone.

Wa physio, Lilongwe:
Aphunzitsi mwalasa. Anditumizira kanema, ndi dzanja limodzi, phewa satembenuza n'komwe.

Mphunzitsi wa tenesi, Lusaka:
Ayesere ya manja awiri, ngakhale kwa chaka chino chokha. Akakana, aphunzire kutembenuza phewa msanga ndi kukumana ndi mpira kutsogolo kwa thupi, dzanja litalimba.

Womanga zingwe za maraketi, Johannesburg:
Pepani kulowerera akuluakulu. Afunseni zingwe zomwe zili pa raketi yawo. Ambiri amabwera kwa ine kufuna zingwe za polyester poti ndi zomwe akatswiri a pa TV amagwiritsa ntchito, n'kumati ndikoke mpaka 27 kg. Zingwe zimenezo n'zouma, ndipo poti siziduka msanga munthu amakhala nazo chaka chonse zitafa kale. Wa chigongono ndimamuikira zingwe zofewa za multifilament, ndikoke 22 kapena 23 kg. Chogwirira cha raketi muonenso: akagwira raketi, chala chamkombaphala cha dzanja linalo chizikwana pakati pa nsonga za zala ndi chikhatho. Chikachepa amafinya kwambiri. Mipira yotha mpweya ndi yonyowa aisiye.

Wa physio wamkulu, Blantyre:
Kalamba kovala pamkono kaja kamathandiza ena posewera. Kakhale zala ziwiri pansi pa chigongono, osati pafupa.

Wa physio, Lilongwe:
Zikomo nonse. Ndalankhula nawo. Mpikisano wa singles, wa mmodzi ndi mmodzi, ausiya, ngakhale anakhumudwa ndithu. Zingwe ndi polyester, akuti sanasinthepo chigulireni raketiyo. Tayamba za botolo lero. Aphunzitsi, ululu ukatsika ndiwalole kuyamba ndi forehand yokha (kumenya chikhatho chitayang'ana kutsogolo), kapena doubles ya awiriawiri?

Mphunzitsi wa tenesi, Lusaka:
Forehand yokha kaye achemwali, theka la bwalo, ndi mipira yofewa ya ana ya kadontho kobiriwira ija. Adumphitse tsiku pakati. Doubles idikire, volley ya backhand, yomenya mpira usanagunde pansi, ndi yomwe imapweteka kwambiri.