Mwana wanga akufuna mawaya a m'mano, ndiyambire pati?

Mayi_a_Tadala, Ulongwe:
Abale ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 14, mano ake akutsogolo anatulukira kunja moti milomo siikumana bwino, kusukulu anzake amamuti kalulu ndiye pano anasiya kuseka pagulu, pojambulitsa amaika dzanja pakamwa, ineyo zimandiwawa mumtima kwabasi poti ankayamwa chala mpaka zaka 7 ine ndikungomuyang'ana. Pano wandikakamira kuti ndimuikitse aparelho, mawaya aja. Dentista amene ndinaonana naye anati iye ntchito yake ndi kuzula ndi kumata basi, za mawaya ndipite ku Tete kapena ku Lilongwe. Komanso pali mnyamata wina akutsatsa pa Facebook kuti amaika motchipa, tsiku limodzi zatheka. Amene munadutsamo mundiuze chilungamo chonde.

Bambo_Chisomo, Moatize:
Mayi, za mnyamata wa pa Facebook uyo zisiyeni lero lomwe, ndapota nanu. Waya uja sikuti ndi chokongoletsa, amakoka dzino pang'onopang'ono fupa la nsagwada nkumasungunuka mbali imodzi kwinaku likumera mbali inayo, ndiye akakoka munthu wosadziwa mano amayamba kugwedera, nkhama kutupa, mizu kufupika, ena mpaka dzino kufa. Dokotala weniweni sangamate kalikonse asanajambule X-ray, ndipo ngati pali dzino lobooka amayamba wamata kaye.
Wanga ndinamuikitsa ali ndi zaka 13, tinatha zaka 2 zathunthu. Msinkhu wa mwana wanuyo ndi wabwino zedi poti mano aukulu amakhala atamera, nsagwada ikadakula. Koma chimene palibe anandiuza poyamba ndi ichi, kuika ndi tsiku limodzi koma kukamangitsa ndi pafupifupi mwezi ndi mwezi, ife zinatiphwekera chifukwa Moatize ndi Tete ndi pafupi, chapa (minibasi) imodzi wafika, nanga inu ochokera ku Angonia ulendo wa maola angapo, anthu awiri, kupita ndi kubwera, mwana kujomba kusukulu, ma meticais ake muwerengetseretu mpaka kumapeto. Aparelho yosiyidwa panjira imawononga kuposa kusaika nkomwe.

Nachisale_wa_ku_Domwe:
Zoona zimenezo achimwene. Mayi a Tadala inu muli pafupi ndi malire a Calomue, mukangodumpha pa Dedza Lilongwe ndi makilomita ngati 85 basi, ndiye yerekezani mbali zonse ziwiri, kungoti mapepala a mwana apamalire akhale okonzeka nthawi zonse. Dokotalayo mukamufunse ngati analipitiriza maphunziro a zowongola mano osati udokotala wa mano wokha, komanso akuuzeni mtengo wonse pamodzi ndi wa mwezi ndi mwezi. Za kuyamwa chala musadzizunze nazo amayi, ana ambiri amayamwa ndipo ena mano otere amatengera kumtundu.

Yamikani_08, Tete:
Ine ndili ndi zaka 17 ndavala chaka chimodzi ndi miyezi 4. Amayi mumuuziretu mnzangayo kuti sabata yoyamba imawawa, ine ndinkangodya phala ndi nthochi, timawaya tinkandicheka m'masaya mpaka anandipatsa ka sera komata pamwamba. Nzimbe iwalani, chimanga chootcha, mtedza wokazinga, chingamu, ngakhale malambe kuluma nthanga ayi, ine kachitsulo kanamatuka chifukwa cha nzimbe imodzi yokha bambo anga analipiranso. Kutsuka ndi mswachi ukangodya chilichonse, nsima imakanirira mmenemo, ukachita ulesi pochotsa mano amatsala ndi madontho oyera osachoka. Akuti ndikadzachotsa ndizidzavala contenção, kachipangizo kogwira mano, usiku kuti mano asabwerere mwakale. Koma amayi pano ndimaseka momasuka, ngakhale mawaya ali m'kamwa.

Mayi_a_Tadala, Ulongwe:
Zikomo nonse, Yamikani mwanawe ndamuwerengera Tadala uthenga wako misozi ili mbwembwembwe. Wa pa Facebook uja ndamusiya. Tikagulitsa mbatatesi tipita kaye kukapimitsa ndi kujambulitsa, ndipo sitiyamba mpaka ndalama ya maulendo ya chaka choyamba itakhala pambali. A Nachisale ndikulemberani kumbali za mapepala apamalirewo.