Aphunzitsi anzanga ndi makolo, teasing ya a Fomu 1 ndiithetse bwanji popanda kuyambitsa chipwirikiti?

Membala wobisa dzina

A Admin, chonde dzina langa lisaoneke. Ndine mphunzitsi pa sekondale ina ya boma yogonera komweko, ndipo teremu ino ahedi andipatsa udindo wa boarding master ku mbali ya anyamata. Chandibweretsa ndi mwambo umene ana athu amati kulandira alendo.

A Fomu 1 akangofika, masabata oyambirira onse, magetsi akazima ku hositelo amadzutsidwa. Wina aimbe, wina avine popanda nyimbo, wina ayeze kutalika kwa hositelo ndi kamtengo ka machesi. Zimenezi ena amaseka nazo. Koma sizithera pomwepo. Kamba amene mayi anamanga kunyumba, shuga, chiponde, mtedza, amatha usiku umodzi. Ana amagwaditsidwa pa simenti, amathiridwa madzi ozizira, ena amakwapulidwa ndi lamba. Wa Fomu 4 aliyense amadzisankhira mwana wake womuchapira ndi kumutungira madzi osamba, mpaka mwanayo nkumachedwa ku prep, nthawi yowerenga ya madzulo.

Mnyamata wina wandipempha kuti ndimuthandize kupeza transfer apite ku CDSS, sekondale yoyendera ya kwawo. Ndi woyamba pa banja lawo kusankhidwa kupita ku sekondale yogonera, anakhoza bwino kwambiri mayeso a Sitandade 8, lero akufuna kusiya malowo chifukwa cha mantha. Zandiwawa kwambiri.

Nditaitula nkhaniyi mu staff room, aphunzitsi akale anati nawonso anadutsamo ndipo sanafe. A deputy anandichenjeza kuti ndikangothamangitsa a Fomu 4, magalasi a mawindo atha, ndipo mlandu udzakhala wanga. Ma prefect ena nawonso ali momwemo. Sindikufuna kupha miyambo yonse ya ana, ina ndi yabwino ndithu, monga mpira wa pakati pa ma hositelo ndi phwando lotsanzikana ndi a Fomu 4. Koma zausikuzi ndiziyamba pati? Amene munakwanitsa, munatani? Ndipo mwanayu ndimulole apite?

Mphunzitsi wopuma pa ntchito

Mwana wanga, choyamba lembani. Tsiku, hositelo, zimene zachitika, amene wakuuzani. Kalatayo ipite kwa ahedi, inu musunge kope lanu. Nkhani yokamba pakamwa mu staff room imauluka, koma ya pa pepala ahedi sangaikane tsiku limene mwana wavulala. Akapanda kuchitapo kanthu pali Board of Governors, pali PTA, ndipo pamwamba pawo pali ofesi ya Education Division Manager.

Chachiwiri, mwina mukuyang'ana kolakwika. Pa zaka zonse zimene ndinaphunzitsa, ankhanza kwambiri sanali a Fomu 4. Iwowa mtima uli ku mayeso a MSCE, amangofuna wowachapira. Oopsa ndi a Fomu 2, amene anazunzidwa chaka chatha ndipo akhala akudikira miyezi yonseyi kuti nawonso abweze. Mukagwira kalasi imodzi yokha ya Fomu 1 kuti idutse chaka osazunzidwa, chaka chamawa ilibe ngongole yoti ibweze. Ntchito yake ndi ya zaka ziwiri, osati sabata imodzi.

Mayi wa ana atatu

Ine ndikuyankha ngati kholo. Timagulitsa mbewu, timakongola ku banki m'khonde kuti tigule matilesi, chidebe, yunifolomu ndi kulipira fizi, kenako mwana azikagona m'madzi? Aphunzitsi amene akuti sanafe aja, nanga amene anathawa sukulu nkukakhala kumudzi anawawerenga? Itanani makolo a ozunzawo. Ambiri sadziwa zimene ana awo akuchita, ndipo mwana akaona bambo ake atakhala mu ofesi ya ahedi, mphamvu zonse zimatha.

Mnyamata wa ku Ndirande

Koma inu mukukulitsa nkhani. Ife tinavina, tinachapa, lero amene ankatituma aja ndi anzathu apamtima. Teasing imachotsa umwana wa mayi. Mukailetsa ana azikula ofooka.

Mayi wa ana atatu

Achimwene, inu munavina. Mwana wa mlongo wanga anabwera ndi khutu lotuluka mafinya chifukwa chomenyedwa khofi, mpaka lero silimva bwino. Si onse amene anangovina.

Namwino wa pa health centre

Ndikugwirizana ndi mayiwa. Ana otere amafika kwa ife akuti anagwa pa mpira, koma mikwingwirima ya lamba imadziwika. Aphunzitsi, mufunsenso mofatsa ngati palibe amene akuvulidwa zovala kapena kugwidwagwidwa. Anyamata sanena zimenezi msanga. Zikapezeka, imeneyo si nkhani ya komiti ya sukulu yokha. Malamulo a dziko lino kuyambira 2017 amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lilipo lamulo loteteza ana la Child Care, Protection and Justice Act la 2010. Ku polisi kuli Victim Support Unit, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, komanso nambala yaulere ya 116 ana akhoza kuimba okha kapena inu kuwaimbira.

Boarding master mnzanu

Ndikuuzeni zimene zinathandiza kwathu, pa sukulu ya mishoni. Tinasiya kusakaniza makalasi pogona. A Fomu 1 tinawapatsa hositelo yawoyawo, yoyandikana ndi nyumba ya mphunzitsi, ndipo tinaikamo anyamata ochepa a Fomu 3 amene tinawasankha tokha. Wa kalasi ina akapezeka pa khomo la hositeloyo magetsi atazima, mlandu wayamba kale, sitifunsanso kuti anamenya munthu kapena ayi. Zimenezi zimapulumutsa mwana wa Fomu 1 ku ntchito yoneneza, chifukwa choopsa kwambiri kwa iye ndi kutchedwa kazitape.

Kuyendera usiku musamakhale ndi nthawi imodzi. Ana amaphunzira ndandanda yanu msanga kuposa samu. Lero mwafika 10 koloko, mawa 2 koloko m'mbandakucha, ndipo gwirizanani ndi alonda, chifukwa iwo amamva zonse koma palibe amene amawafunsa.

Kulandira alendo sitinakuphe. Tinakusamutsira mu holo, Loweruka masana, aphunzitsi tili pomwepo. A Fomu 1 amaimba, amachita sewero, a Fomu 4 nawonso amavina, kenako onse amadya mpunga ndi nyama. Kuseka kulipo, lamba palibe. Za chipwirikiti, a deputy anu sakunama. Ana amaswa zinthu akaona kuti anzawo achotsedwa mwadzidzidzi popanda kumvedwa, makamaka ngati akwiya kale ndi nyemba zofumbwa ku dining. Lengezani lamulo pa assembly, tumizani kalata kwa makolo, aliyense asaine. Woyamba kuliswa apite ku komiti ya disipulini, amvedwe, alangidwe yekha. Musalange kalasi yonse, ndipo inu musakweze dzanja pa mwana, mungataye ntchito komanso mungawaphunzitse zomwe mukuletsazo.

Membala wobisa dzina

Zikomo kwambiri achimwene. Vuto ndi malo. Ma hositelo athu ndi odzaza, ena amagona awiri pa bedi. Kusamutsa ana pakati pa teremu a Fomu 4 sangavomere kusiya makona awo. Nanga ma prefect amene ali momwemo ndiwachotse?

Boarding master mnzanu

Makona a Fomu 4 musawakhudze. Sinthanitsani a Fomu 1 ndi a Fomu 2 okha, hositelo imodzi ikwana. Ma prefect musawachotse onse pamodzi. Itanani head boy payekha, mumuuze zimene mukudziwa, mumupatse ntchito yokonza tsiku la mu holo lija. Akakhala mwini wake wa mwambo watsopanowo, anzake amutsatira. Amene ali ndi umboni woti anamenya mwana, ameneyo yekha avule udindo.

Madam a Chichewa

Musaganize kuti ku atsikana kulibe. Kumeneko lamba ndi wochepa, koma kulandana sopo ndi mafuta odzola, kutukwana za thupi la mwana ndi kumuseka chifukwa cha kalankhulidwe ka kwawo ndi zambiri. Kambiranani ndi a matron kuti mukapite kwa ahedi muli awiri. Ndipo aphunzitsi tisiye kutuma a Fomu 1 kukatilimira m'dimba kapena kutitungira madzi kunyumba. Wa Fomu 4 akaona ife tikutero, tidzamuletsa ndi pakamwa pati?

Za mwana wofuna transfer uja, musamukakamize kukhala, komanso musafulumire kusaina. Muimbireni kholo lake lidziwe zoona zake. Mumusamutse pogona lero lomwe, kenako mumufunsenso pakatha masabata awiri.

Membala wobisa dzina

Ndawerenga zonse. Kalata ya kwa ahedi ndailemba, a matron avomera kusainira nawo, ndipo tikaipereka Lolemba. Mnyamata uja usiku uno agona ku sick bay pamene ndikukonza za hositelo, bambo ake abwera Loweruka. Chatsala ndi kalata ya makolo. A boarding master anzanga, ngati yanu ija mukadali nayo, itumizeni kwa a Admin andipatsire, ndikufuna ndione mmene munalembera gawo la zilango kuti komiti yathu isakaikane.