Thandizeni: azakhali akuti Chichewa changa woyankhula ndi mzungu

Wofunsa: Akuluakulu a pagulu pano, ndabwera ndi vuto, mundithandize Loweruka lisanafike. Kwathu ku Dedza kuli mwambo wa chiliza cha agogo athu aamuna amene anatisiya chaka chatha, ndipo abale asankha ine kuti ndikayankhule, ati ndine wasukulu. Ndakhala ku Johannesburg zaka 9, kuntchito ndi Chingerezi kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, ndiye ndinati ndilembe papepala kuopa kukachita chibwibwi pamaso pa anthu. Ndinasamala ndithu, liwu la Chingerezi mulibe ngakhale limodzi. Nditawawerengera azakhali pafoni anayamba akhala chete, kenako nkuti, "Mwanawe, mawuwo ndi athu, koma woyankhulayo ndi mzungu." Ndikawafunsa palakwika pati akungoti sizikukoma m'khutu. Zomwe ndinalemba ndi izi:

"M'mawa wabwino nonse. Ndikufuna kutenga mwayi uwu kuthokoza aliyense amene watenga mbali pa mwambo umene ukutenga malo lero. Ndikuyankhula m'malo mwa adzukulu onse, ine ndi asuweni anga. Agogo anasewera gawo lalikulu m'miyoyo yathu, ndipo pamene tinawataya tinapanga chiganizo chakuti tiwamangire chiliza. Pamapeto a tsiku, chofunika ndi chikondi."

Mzunguyo wabisala pati? Chonde musandiseke, mtima uli kale m'mwamba.

Mphunzitsi wopuma, Nkhoma: Achimwene, azakhali anuwo khutu lawo ndi lakuthwa. Mnofu wa Chingerezi mwachotsa, mafupa mwasiya. Tawerengani nokha: kutenga mwayi, kutenga mbali, kutenga malo, katatu musanapume nkomwe. Kwathu kuno munthu akatenga malo ndiye kuti wakhala pampando wa mnzake. Mwambo umachitika. Gawo salisewera, agogo anu sanali pabwalo la mpira. Ndipo zoti tinawataya musakazitchule pamanda, timataya zinyalala. Agogo anatisiya, anatsogola.

Pamene pagona nkhani ndi apa. Chingerezi chimakonda kutenga mneni wopepuka nkumusenzetsa dzina, ndiye ife tikamachitsanzira timati kupanga chiganizo, kupereka thandizo, kukhala ndi zokambirana. Chichewa mphamvu yake ili mwa mneni mwiniwake: tinaganiza, tinathandiza, tinakambirana. Taonani liwu loti "tiwamangire" lomwe mwalemba nokha. M'liwu limodzilo muli inu, muli agogo, muli kumanga, mulinso zoti mukuchitira iwowo. Pokhapo ndi pomwe mwamveka ngati mwana wa ku Dedza.

Mayi wa ku Mchinji: Aphunzitsi anena za galamala, ine ndinene za ulemu. Moni wathu ndi funso, mnzako amayankha. Mukati m'mawa wabwino anthu ayankhe kuti chiyani? Komanso pagulu lotere sayamba ndi "nonse" ngati mukuitana ana pamzere. Yambani ndi amfumu, akuluakulu a mpingo, eni mbumba, ndiye mufike kwa amayi ndi abambo. Mukalumpha amfumu nkhani yake idzakambidwa mpaka dzinja.

China, pamanda mukati adzukulu anthu acheukira anyamata okumba manda aja. Nenani kuti zidzukulu. Nanga asuweniwo mukunena ati? Msuweni ndi mwana wa azakhali kapena wa amalume basi. Ana a bambo anu aakulu ndi a bambo aang'ono ndi abale anu enieni, achimwene ndi achemwali. Chingerezi ndicho chimawaunjika onse m'thumba limodzi, monga mmene ankolo ndi anti amezera amalume, azakhali ndi mayi aang'ono. Mukakawatcha asuweni pamaso pa makolo awo ena akadandaula kuti mwawatulutsa m'nyumba.

Mnyamata wa ku Ndirande: Koma akuluakulu musamuopseze munthu. Kutenga mbali timakumva daily pawailesi, kutchalitchi, ngakhale mafumu amene akunena. Chiyankhulo chimayenda. Sukulu, buku, sopo, foni, zonsezi nzobwera. Nsapato ndi mbatata tinatenga kwa Apwitikizi, alipo akudandaula? Big, kayankhuleni momwe mumayankhulira, anthu akamva.

Mphunzitsi wopuma, Nkhoma: Mwana wanga wa ku Ndirande, pa kutenga mbali ndikuvomera, mawuwo akhazikika, sindingalimbane nawo. Koma liwu lobwereka ndi nkhani ina. Buku litafika tinaliveka zathu: bukuli, mabuku awiri, kabuku. Ngakhale inu achinyamata mukamati ndaidilita, mwaika nda ndi i kutsogolo, Chichewa chikulamulabe. Ameneyo ndi mlendo wolowa m'nyumba atavula nsapato. Pepala la achimwenewa mlendo sakuoneka, koma ndiye wasuntha mipando yonse. Nchifukwa chake azakhali akumva kuti china chalakwika koma sangachiloze ndi chala.

Ife tinayamba uphunzitsi nthawi ya Chichewa Board, bungwe loyang'anira kalembedwe ndi kayankhulidwe ka Chichewa limene boma linakhazikitsa mu 1972, patapita zaka zinayi Chichewa chitakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968. Inali ndi ukali wake, ndipo anzathu a ziyankhulo zina ali ndi zifukwa zosaikumbukira bwino, koma wolemba ankadziwa kuti alipo womuyang'ana. Mu 1996 m'malo mwake munabwera Centre for Language Studies, malo ofufuza za ziyankhulo, ku Zomba. Ana tinkawaphunzitsa m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, kufikira boma litalengeza mu 2014 kuti Chingerezi chiyambire Sitandade 1. Mwana amene kalata yake yoyamba, lipoti lake loyamba, zonse analemba m'Chingerezi, akagwira cholembera mutu umathamangira komweko. Sindikukudzudzulani achimwene.

Womasulira nkhani wakale: Mlandu wina ndi wathu, ndiulule. Ndinagwirapo ntchito panyumba ina youlutsira mawu. Nkhani inkabwera m'Chingerezi kutatsala mphindi zochepa kuti iwerengedwe, ndiye umangotsata mzere ndi mzere osapuma. Ndi mmene anthu anayambira "kutaya miyoyo yawo" pangozi m'malo momwalira, ndi mmene denga linayambira "kuonongedwa ndi mphepo" pomwe agogo anu akanati mphepo yasasula denga. Womvera akamva zimenezi madzulo aliwonse amayesa ndicho Chichewa chapamwamba, chovala tayi, nkumachisungira pamaliro ndi paukwati. Langizo langa ndi ili: pindani pepalalo. Tsegulani WhatsApp, jambulani mawu ngati mukuuza azakhali zomwe agogo anakuchitirani inuyo, kenako mulembe zomwe mwanenazo. Pakamwa panu Chichewa chilipo, chimathawa mukakhala patebulo.

Wa ku Chipata: Kuno ku Zambia ndiye musanene, Chinyanja cha mu Lusaka theka ndi Chingerezi. Koma pamaliro kumudzi wina aliyense amabwerera pa mawu a makolo. Tsatirani amayi a ku Mchinjiwo.

Mayi wa ku Mchinji: Ndinaiwala. Pamapeto a tsiku kumada, anthu amakagona. Chotsani.

Wofunsa: Zikomo nonse, pepani, zikomo aphunzitsi, amayi, ndi ena nonse. Ndachita zomwe ananena omasulira aja. Ndinajambula ndili mukhitchini, ndipo zinatuluka ndi izi:

"Zikomo amfumu, akuluakulu a mpingo, eni mbumba, amayi ndi abambo. Ine ndaimirira zidzukulu. Agogo amene agona apawa anatilera. Ndikuyankhula pano sukulu anandilipirira ndi ndalama za kachewere, okha akuyenda ndi jekete yong'ambika. Atatisiya tinakhala pansi, ine ndi abale anga ndi asuweni, nkugwirizana kuti tiwamangire, kuti ana athu adzadziwe pamene pagona mwini mudzi uno. Mwasiya ntchito zanu kudzatikhazika mtima pansi, Mulungu akubwezereni."

Azakhali amvera kawiri. Ati tsopano ndafika kumudzi, koma ndikonze ziwiri: ndisati mwini mudzi amfumu ali pomwepo, ndipo ndalamazo sizinali za kachewere, zinali za nyemba, olima anali agogo aakazi, aamunawo ankangokapereka kusukulu. Zaka zonsezi ine osadziwa.

Funso lomaliza. "Mzimu wawo uuse mumtendere" nawonso ndi mzungu? Ndichotse?

Mphunzitsi wopuma, Nkhoma: Amenewo anabwera ndi mpingo, gwero lake ndi pemphero la Chilatini, ndipo akhala nafe nthawi yaitali moti anthu amayankha okha kuti ame. Asiyeni. Koma agogo aakaziwo ngati ali moyo muwatchule, ndipo muyang'ane komwe akhala.

Wofunsa: Alipo, akhala kutsogolo pamphasa. Za mzimu kuusa mumtenderezo azakhali ati ndisavutike nkufunsa, amisiri alemba kale pamwala.